Volontiya nayenso amamva njala: adzagona kuti, adzadya ciani, alipila ndani?

Kucokela pamene boma la America linaimitsa thandizo lake la ku maiko ena mu January 2025, liwu lakuti "volontiya" lamveka kwambili mu makomboni. Mabungwe amene anali kudalila ndalama za USAID anacepetsa anchito, ena anatsekelatu, koma nchito yeniyeni siinacepe. Wodwala TB ku Kuku afunikabe womuyendela. Mwana wa pa sukulu ya komyuniti ku John Howard afunikabe womuphunzitsa kuwelenga. Conco maso atembenukila kwa anthu odzipeleka, a kuno kwathu na ocokela kunja. Pa misonkhano timakamba za nchito imene adzagwila, timaomba m'manja, timajambula zithunzi. Za cipinda, nsima, madzi osamba na ndalama ya basi timazisiya kuti "tizaona kutsogolo." Koma nkhani zimenezi ndiye zimasankha ngati volontiya adzatsiliza caka kapena adzalongedza cikwama pa mwezi wacitatu, komanso ngati banja lomusunga lidzatsala na cimwemwe kapena na kaloba.

Coyamba tisiyanitse alendowa, cifukwa mu basi tonse timangoti "bazungu ba ma project." Pali amene amatumidwa na maboma awo. A JICA a ku Japan akhala akubwela mu Zambia kuyambila 1970. A Peace Corps a ku America anayamba mu 1994, ndipo atawacotsa onse padziko lonse mu March 2020 kaamba ka Covid, Zambia inali pakati pa maiko oyamba kuwalandilanso mu March 2022. Germany ili na pulogilamu yake ya weltwärts, imene inayamba mu 2008, yotumiza anyamata na atsikana a zaka 18 mpaka 28. Pali amene amabwela kupitila mu chalichi, ena milungu iwili cabe, ena caka cathunthu. Ndiyeno pali amene amalipila okha kampani ya kwawo kuti iwapezele pothandiza, aceze pang'ono ku Livingstone, abwelele. Magulu atatuwa amasiyana thumba, amasiyana malamulo, ndipo amasiyananso pa zimene amasiya m'nyumba imene agonamo.

Amene anaiganizila bwino nkhani ya pogona ni a Peace Corps. Volontiya wawo akafika amakhala pafupifupi miyezi itatu akuphunzila citundu, kaya Cinyanja, Cibemba olo Citonga, akukhala pa banja la Cizambia. Pambuyo pake amapita ku mudzi zaka ziwili. Mudzi umakonza kanyumba, cimbudzi na bafa, bungwe limamupatsa njinga, mankhwala na ndalama ya pa mwezi yoti akhale monga anthu a kumeneko. Zonse zimakambidwa munthu akalibe kufika. Koma dongosolo limeneli ni la ku mudzi, kumene malo alipo, udzu ulipo, nkhuni zilipo. Mu Chawama palibe mfumu imene ingaloze kuti mangani apa. Kuno cipinda ni ndalama, ndipo ciliconse colowa m'nyumba, kuyambila madzi mpaka moto, cimagulidwa.

Ndiye cifukwa cake alendo ambili ogwila nchito mu makomboni amagona ku mayadi. M'mawa motoka imawatenga ku Kabulonga, Woodlands olo Roma, imawatula pa kiliniki, madzulo imawabweza. Bungwe limakamba kuti ni nkhani ya citetezo, ndipo sitingalinene, cifukwa mwana wa eni ake akadwala olo akabeledwa, woyankha ni bungwe. Koma taonani kumene ndalama ipita. Lendi ya volontiya imagwela kwa landilodi wa ku mayadi, cakudya cigulidwa ku shopping mall, ulendo ni wa Yango. Komboni imene dzina lake linalembedwa pa pepala lopemphela ndalama imangoona fumbi la motoka. Ndipo munthu amene amacoka ku Chawama 16 koloko isanakwane sadziwa kuti usiku mvula ikagwa madzi amalowa mpaka pansi pa bedi, sadziwa kuti mwana amene agona m'kalasi anadzuka 04 koloko kukaima pa mzele wa madzi. Adzalemba lipoti labwino, koma la Chawama wa masana cabe.

Njila inayo, yogoneka mlendo pa banja la mu komboni, ni yabwino ngati yakonzedwa moona mtima. Vuto limabwela na ulemu wathu. Abusa akalengeza kuti kubwela mlendo wocokela kunja, afunika banja lomusunga, amayi a cigwilizano amaimika dzanja mwamsanga, pakuti kukana mlendo n'camanyazi. Ana amacotsedwa m'cipinda kukagona pa sitting room. Matilesi yatsopano itengedwa pa ngongole. Akulu anati mlendo ni mame, kutanthauza kuti sakhalitsa, mupilile. Mwambiwo unali kukamba za mlendo wa masiku awili. Wa miyezi 6 si mame, ni mvula ya mfumbi, ndipo afunika bajeti.

Tiwelengele pamodzi. Mu 2024, caka ca cilala, thumba la unga wa bulekifasi la 25kg linapitilila K300. Caka cimeneco a JCTR, amene amawelengela mtengo wa zofunika pa banja la anthu 5 mu Lusaka, anapeza kuti wadutsa K10,000 pa mwezi, pamene malipilo ocepetsetsa a wanchito wa m'nyumba anali K1,300. Banja limene masiku ena limagula ka pamela madzulo, likalandila mlendo limayamba kugula buledi, mazila, mkaka, nkhuku pa Sondo, mafuta ambili mu ndiwo. Palibe anawauza kuti acite conco. Ni mantha akuti mlendo angakakambe kwawo kuti ku Zambia anam'dyetsa cibwabwa mlungu wonse. Mwezi ukatha, mlendo wanenepa, cilimba ca amayi calowa mu mphika.

Cosekesa n'cakuti alendo ambili safuna zimenezo. Wocoka ku Germany nthawi zina sadya nyama, ndipo kalembula, impwa, nyemba na ndiwo zotendela ndiye zimene akanakondwela nazo. Amayi avutika kugula soseji, mlendo aikankhila pambali mwamanyazi, onse awili akhumudwa mwakacetecete. Zikanatha na funso limodzi pa tsiku loyamba: mumadya ciani, simudya ciani? Nayenso mlendo afunika kuuzidwa zathu. Asambe m'manja akalibe kugwila nsima. Akapatsidwa cakudya pa nyumba ya eni ake alaweko olo pang'ono. Asatsekele m'cipinda na mabisiketi ake pamene ana ali pa khomo. Ndipo ngati adya pa nyumbapo, mbale nazonso azitsuka, cifukwa mtsikana wa pa nyumba si wanchito wake. Nchito yowonjezeleka ya kuphika, kucapa na kutapa madzi imagwela amayi na ana aakazi, koma pokambilana za mlendo amakhalapo ni abambo na akulu a mpingo.

Nkhani ya madzi na cimbudzi si yocitila nthabwala. Kolela imene inayamba mu October 2023 inadwalitsa anthu opitilila 20,000 m'dziko muno na kupha opitilila 700. National Heroes Stadium inasanduka cipatala, masukulu anakhala otseka mpaka pa 12 February 2024. Pansi pa Lusaka pali mwala wa laimu wokhala na ming'alu, conco zocoka mu zimbudzi zokumba zimalowa msanga mu zitsime zosazama, maka-maka nthawi ya mvula. Ise amene tinakulila kuno timadwala, nanga mimba ya munthu wofika kumene? Bungwe limene lifuna kugoneka volontiya mu komboni liyambe laona kumene banja limatapa madzi, ngati ni pa kiosk ya Lusaka Water olo pa citsime, ligule kolorini na zigubu zotsekela, lione cimbudzi ngati cili na citseko na loko, komanso mabanja angati amacigwilitsila nchito. Zimene likonze zikhale za nyumba yonse. Kugulila mlendo madzi a m'botolo pamene ana a pa nyumba akumwa a pa citsime ni kunyoza banja limene lam'tsegulila citseko. Cimbudzi cokonzedwa bwino cimatsala mlendo akapita, ndipo cimeneco ndiye ciwongola dzanja ceniceni.

Malaiti nawo ali na nkhani yawo. Madzi atacepa ku Kariba mu 2024, panali nthawi imene nyumba zambili mu Lusaka zinali kuona malaiti maola atatu cabe pa tsiku. Volontiya amabwela na foni, laputopu na zina zochaja, ndipo mayunitsi a ZESCO amatha msanga kuposa kale. Malaiti akapita, madzi ake osamba atenthedwa pa mbaula, malasha nawo akwela mtengo. Izi ni zing'ono-zing'ono, koma ndiye zimayambitsa kung'ung'udza ku khichini. Kasola kocepa na nyale yochaja, zogulidwa na bungwe, zimathetsa mkangano umene ukanakula mpaka kufika kwa abusa.

Pa za mayendedwe, imwe okwela basi mudziwa bwino kuposa ofesi iliyonse. Mlendo amene aphunzila kukwela minibasi pa City Market olo pa Kulima Tower, kukhala anayi pa mpando, kupatsila ndalama kutsogolo na kukuwa kuti "ba conductor, nisala apa," ameneyo wayamba kuidziwa Lusaka. Afunika munthu womuyendetsa mlungu woyamba, womuuza mtengo weniweni, womulangiza kuti foni asaitulutsile pa windo pa Kafue Road, ndiponso kuti mdima ukagwa asayende yekha mu tunjila. Nafenso tili na mlandu apa. Mtengo wa muzungu, uja timakweza tikangoona khungu, umaoneka monga nzelu pa tsikulo. Koma volontiya wokhala caka amauphunzila mtengo weniweni mu mlungu umodzi, ndipo kucoka apo sagulanso pa kantemba kako, amapita kwa mnzako amene sanamudyele masuku pamutu. Ndipo si onse ali na ndalama. Mtsikana wa zaka 19 amene watsiliza kumene sukulu amapatsidwa ka pocket money kowelengeka, pamene komboni yonse imuona monga banki yoyenda.

Cina cimene tumabungwe na machalichi amaiwala ni mapepala. Malamulo a Immigration amaona nchito yodzipeleka monga nchito ndithu, conco munthu wokhala miyezi akuthandiza pa sukulu olo pa kiliniki afunika pemiti yake, viza ya kuceza siikwanila. Woitana mlendo ndiye afunika kuyendetsa zimenezi, osati banja lomusunga. Cimodzimodzi na matenda: zidziwike kuti akadwala usiku apita kuti, kaya pa Chawama Level One, cipatala cimene cinakulitsidwa na thandizo la Japan pamodzi na ca Kanyama na ca Chipata, olo kwina kumene inshuwalansi yake ilipila, ndipo ndani adzalipila motoka yomupeleka. Komanso ngati adzagwila nchito na ana, bungwe lifunse mbili yake kwawo. Kucoka kutali si umboni wa khalidwe labwino.

Manje tibwele ku mbali imene imawawa. Pa kiliniki imodzimodziyo pamene mlendo afika na motoka, pali amayi ovala tisheti ya project amene akhala odzipeleka zaka zambili. Ni aja a Neighbourhood Health Committee, aja amalondola odwala amene aleka kumwa mankhwala, aja amapima ana pa sikelo. Nthawi ya kolela ndiwo anayenda khomo na khomo na kolorini, akuponda m'madzi a zonyansa. Mlendo akalibe kukwela ndeke amakhala atadziwa pogona, cakudya, inshuwalansi na tikiti yobwelela. Wa kuno amacoka pa nyumba osadya, amayenda wapansi kucoka ku Misisi, ndipo ka allowance kakabwela kamabwela mocedwa, kamathela pa ngongole ya pa kantemba. Onse awili timawaitana dzina limodzi, koma wina wasiya moyo wabwino kwa caka cimodzi, wina akudzipeleka cifukwa nchito kulibe ndipo ali na ciyembekezo cakuti mwina tsiku lina dzina lake lidzatuluka pa mndandanda.

Ciyembekezo cimeneco si ca maloto cabe. Mu 2022 boma linalemba nchito anthu a zaumoyo opitilila 11,000 na aphunzitsi opitilila 30,000, ndipo ambili anaona kuti kudzipeleka ni khomo lolowela. Koma omaliza maphunzilo amaculuka caka ciliconse kuposa malo. Mu 2025 bungwe la Resident Doctors Association of Zambia linalengeza kuti madokotala odzipeleka aleke kugwila nchito yosalipilidwa, ndipo dziko linadzidzimuka kuona kuti zipatala zina zinali kutsamila pa anthu amene salandila kanthu. Ngati dokotala wafika potopa, nanga mayi wa ku Kuku amene alibe bungwe lomukambila? Mu May caka cimeneco kazembe wa America, Michael Gonzales, analengeza kuti dziko lake lidula 50 miliyoni ya madola pa caka pa thandizo la mankhwala kaamba ka kubedwa kwa mankhwala m'zipatala. Ndalama zikacepa pamwamba, woyamba kumva ni wa pansi, uja amene dzina lake silili pa payroll.

Sitikamba izi kuti tithamangitse alendo. Mlendo amabwela na kalumo kakuthwa, ndipo ambili asiya zabwino: madamu a nsomba ku midzi, ana odziwa kompyuta, ubwenzi umene watumiza ena ku sukulu. Cimene tikamba n'cakuti muyezo umene bungwe limapimila zofunika za mlendo ndiwo lipimilenso za mnzake wa kuno. Ngati mlendo afunika cakudya ca masana kuti agwile bwino nchito, amene amumasulila Cinyanja tsiku lonse nayenso ali na mimba. Ngati mlendo afunika magumbutsu na ambulela nthawi ya mvula, a komiti ya zaumoyo nawonso mapazi awo ni a nyama. Bungwe limene lingakwanitse tikiti ya ndeke silingalephele ndalama ya basi ya anthu awili.

Nkhaniyi ili na mbali inanso, pakuti manje ana athu nawo ayamba kupita kunja monga mavolontiya. Kuyambila 2013, weltwärts imalandilanso acinyamata ocokela ku maiko monga Zambia kuti akatumikile ku Germany, m'masukulu a ana aang'ono, m'nyumba za okalamba na kwina. A United Nations Volunteers nawo amatenga anthu a maphunzilo na luso, ndipo kulembetsa kwawo n'kwaulele. Mwana wanu akabwela na nkhani yakuti wapeza mwayi wa kunja, mufunseni mafunso amodzimodzi amene takamba apa. Ukagona kuti, pa banja olo mu hostel, ndipo muli angati m'cipinda? Cakudya ni ca bungwe olo uzigula wekha? Ka ndalama ka pa mwezi ni kangati, ndipo kagula ciani kumeneko, osati kuno? Ukadwala alipila ndani? Tikiti yobwelela ili m'manja mwa ndani? Zovala za mphepo nazo ni ndalama, ndipo ku Europe mphepo ya January si ya June wa kuno.

Makolo ena amaganiza kuti mwana akangokwela ndeke, ndalama ziyamba kubwela pa foni. Volontiya si wanchito. Kandalama kake ni ka sopo, basi na airtime, ndipo mukam'panikiza kuti atumize ya lendi mudzam'kankhila ku nchito za mseli zimene zingam'dyetse viza. Cenjelaninso na aja a pa Facebook na WhatsApp amene amalonjeza "volunteer abroad, free accommodation, free meals" koma ayamba na kupempha ndalama ya fomu pa mobile money. Pulogilamu yoona imakhala na bungwe la kuno limene mungapiteko na mapazi, imapeleka pangano lolembedwa, ndipo siisunga pasipoti ya munthu. Wina akakuuzani kuti pasipoti adzakusungilani mukafika, dziwani kuti pogona paulele pamenepo mudzapalipila na ufulu wanu.

Nanga ticite ciani kuno kwathu? Banja lililonse lopemphedwa kusunga volontiya lipemphe pepala, olo la tsamba limodzi, lokamba miyezi imene adzakhala, ndalama ya cakudya, madzi na malaiti pa mwezi, tsiku imene izibwela, na nambala ya munthu woimbila zinthu zikavuta. Ndalamayo ipelekedwe kwa amene agwila mphika. Kupempha zimenezi si umbombo, ndipo abusa olo a bungwe amene akhumudwa na funso lotele akuonetsani kale mmene zidzathela. Ma Ward Development Committee, amene manje ali na mawu pa ndalama za CDF, afunika kudziwa mabungwe amene abweletsa alendo mu wodi yawo, na kufunsa poyela kuti odzipeleka a kuno apatsidwa ciani. Unduna wa Zaumoyo nawo uike poonekela mlingo wa ndalama imene volontiya wa mu komboni ayenela kulandila, kuti asamadalile cifundo ca project iliyonse imene yabwela.

Mvula ikayamba, matenda otsegula m'mimba adzagogodanso pa makomo a Chawama, Kanyama na George, ndipo tidzamvanso pa wailesi kuti pafunika anthu odzipeleka. Adzabwela ndithu, ena na ndeke, ambili wapansi. Akalibe kuvala tisheti, wina awafunse ngati adya.